Baby monitor paulendo wa ku Portugal: tiitenge kapena tiisiye?

Nachisale_Leeds
Moni nonse abale. Ndikupempha nzeru kwa inu amene munayendapo kunja ndi khanda. M'mwezi wa June tikupita kutchuthi ku Albufeira, ku Portugal, ine, bambo a kunyumba ndi mwana wathu wa miyezi 9. Kuno ku Leeds mwanayu amagona m'chipinda chake ndipo timadalira baby monitor, ija ya kamera yokhala ndi kasikirini kake koyenda nako m'manja. Kodi imeneyi ikagwira ntchito kumeneko? Nanga pa eyapoti sakativuta nayo?

Koma chenicheni chandibweretsa kuno ndi ichi. Bambo akuti ngati tonse tikagone m'chipinda chimodzi, palibe chifukwa chodzazira chikwama. Akuti phindu lake ndi loti madzulo ena tikhoza kumugoneka mwana, ife n'kutsikira ku lesitilanti ya pansi pa hotelo yomweyo kukadya, kasikiriniko kali patebulo. Ine mtima ukukana. Ndithandizeni.

Mphenzi230
Mayi, ndiyankhe za magetsi kaye poti ndiye ntchito yanga. Tengani chaja cha monitayo muwerenge timalemba tating'onoting'ono tili kumbuyo kwake. Mukaona palembedwa 100-240V, 50/60Hz, ndiye kuti chimalola magetsi a dziko lililonse. Ndipo ku Portugal ndi 230V, 50Hz, chimodzimodzi ku UK, choncho palibe choti chingapse. Kusiyana kuli pa pulagi basi. Yanuyo ndi ya mano atatu afulati, pomwe soketi za kumeneko ndi za mabowo awiri ozungulira. Mukufunika adaputala, ndipo kumbukirani kuti zotchaja ndi ziwiri, kamera ndi kasikirini.

NaPhiri_Luton
Adaputala imodzi yabwino ndi extension ya kunyumba ya mabowo anayi. Mafoni, kamera, zonse zimalowa pomwepo. Musakagule pa eyapoti, amadulitsa.

Nachisale_Leeds
Ndawerenga, palembedwadi 100-240V. Zikomo achimwene.

GogoWaKuDedza
Ana anga, ine ndangobwera kuno kudzathandiza mwana wanga uchembere, koma zimene ndikuona zikundizunguza mutu. Khanda la miyezi 9 ligone lokha m'chipinda, amake akulionera pa kanema? Ife tinalera ana ambiri, mwana akamalira unkamumva ndi khutu lako chifukwa ali pambali pako. Tsopano mukuti mumusiye m'nyumba ya eni, m'dziko la eni, inu mukadye? Mberekeni kumbuyo mupite naye. Chitenje chilibe batire.

BamboAke_Tada
Agogo, tisawaweruze msanga. Kumudzi mwana sakhala yekha chifukwa pakhomo pali azakhali, achemwali ake, anansi. Mayi akapita kudambo wina amatsala naye. Kuno banja ndi anthu awiri okha, onse ogwira ntchito, ena mashifiti ausiku. Monita imathandiza kuti mayi aphike kapena asambe akumumva mwana. Ndipo banja limafunikanso kukhala pansi awiri n'kucheza. Ine sindikuona cholakwika ndi ola limodzi ngati lesitilanti ili m'nyumba yomweyo.

Namwino_Derby
@BamboAke_Tada, mbali yoyambayo ndikugwirizana nanu, koma yomalizayo ayi ndithu. Monita imakuuzani kuti chinachake chachitika, koma kuti mufike pamene pali mwana ndi miyendo yanu. Mwana akasanza n'kutsamwa, inu muli pansi, muyenera kudzuka patebulo, kudutsa anthu, kudikira lifiti, kufufuza khadi la chitseko. Ndiye taganizirani alamu ya moto italira. Malifiti saloledwa, anthu onse akutsika pa masitepe, ogwira ntchito akukankhira aliyense panja, inu nokha mukufuna kukwera. Utsi sumveka pa monita. Mwana wotentha thupi amene wangoti zii samvekanso.

Bungwe loteteza ana la ku UK la NSPCC limanena mosapita m'mbali kuti makanda ndi ana aang'ono asamasiyidwe okha ngakhale pang'ono. Lamulo la ku England silitchula zaka, koma ndi mlandu kusiya mwana yekha m'njira yomuika pangozi.

Chembere265
Palibe amene watchula, ndiye nditchule ine. Madeleine McCann anasowa pa 3 May 2007 ku Praia da Luz, m'chigawo chomwecho cha Algarve kumene kuli Albufeira. Anali ndi zaka 3. Makolo ake ankadya pa lesitilanti ya pamalo pomwepo, mtunda wa mamita pafupifupi 50, ndipo ankasinthana kupita kukazonda ana. Mpaka lero sanapezeke.

BamboAke_Tada
Nkhani imeneyo ndi yomvetsa chisoni, koma ndi yosachitikachitika. Mabanja ambirimbiri amapita ku Algarve chaka chilichonse n'kubwerako bwinobwino. Tisaopseze mayiwa mpaka alephere ulendo.

Chembere265
Sindikuti asapite achimwene. Apite, akasangalale. Ndikuti mamita 50 amaoneka pafupi ukakhala pansi ndi mbale patsogolo.

Mphenzi230
Ndionjezere za mtunda, chifukwa anthu ambiri amakhulupirira zolembedwa pa katoni. Akalemba kuti imafika mamita 300, amatanthauza pabwalo lopanda chotchinga. M'nyumba opanga omwewo nthawi zambiri amati mamita 50. Ndipo nyumba zambiri za ku UK zipinda zam'mwamba zimagawidwa ndi plasterboard (makoma opyapyala, osati a njerwa), pansi ndi matabwa, mafunde amadutsa mosavuta. Mahotela a kugombe la Portugal ndi Spain ambiri ndi a konkire yokhala ndi zitsulo mkati. Mukatsika nsanjika ziwiri, chithunzi chayamba kudukaduka kapena chatheratu. Choopsa n'chakuti pa mamonita ena chithunzi chimangouma, mwana akuoneka ali m'tulo, chonsecho kulumikizana kunaduka kalekale. Ena amalira kachizindikiro akataya siginolo, koma mu lesitilanti ya nyimbo ndi mafoloko simungakamve.

Nachisale_Leeds
Zachithunzi chouma zandiopsa. Ndiwawerengera bambo zimenezi akabwera kuntchito.

MaiA_Yankho
Asisi, itengeni ndithu, koma ntchito yake si ya ku lesitilanti. Ife tinakhala ku Tenerife, chilumba cha Spain, m'ka apatimenti ka chipinda chimodzi chogona ndi khonde. Mwana ankagona cha m'ma 7 koloko, ndipo pakanapanda monita bwenzi tonse tikukhala mumdima m'chipindamo tikunong'onezana. M'malo mwake tinkatseka chitseko chagalasi kuti udzudzu usalowe ndi mphepo ya AC isatuluke, ife n'kukhala pakhonde ndi chakudya chathu. Galasi lakelo linali lokhuthala, mwana akalira mkati sumamva kanthu, chonsecho ali pafupi, masitepe owerengeka. Kasikiriniko ndinkakayedzeka kumtsuko wa madzi patebulo. Masananso akagona tulo tamasana ndinkachapa zovala zake n'kumayanika pakhondepo ndikumuona.

Chinthu chimodzi muchenjere nacho: zitseko zina za pakhonde zimadzikhoma zokha mukazitseka muli panja. Yesani tsiku loyamba wina ali mkati.

NaPhiri_Luton
Eya! Zimenezo zinachitikira mlamu wanga. Anachita kukuwira anthu a pansi kuti akaitane a ku reception.

Kabaza_Dallas
Ine ndifunse nawo pomwepa. Mkazi wanga akubwera ndi mwana ku Birmingham, ku UK, kuchokera kuno ku America, kudzaona achemwali ake. Yathu ndi ya mawu okha, palembedwa DECT 6.0. Adaputala ndagula kale. Ikwanira?

Mphenzi230
@Kabaza_Dallas, yanuyo ndi nkhani ina. Choyamba onani chaja, chifukwa ku America ndi 120V, 60Hz, ndipo zina zimalembedwa 120V yokha. Yotero mukailowetsa kuno kudzera pa adaputala wamba ipsa, poti adaputala imasintha mano okha, mphamvu ya magetsi siisintha. Chachiwiri, DECT ndi njira imene monita yotere imatumizira mawu pa mafunde, ndipo ya ku America imayenda pa 1920 mpaka 1930 MHz, pomwe ya ku UK ndi ku Ulaya ili pa 1880 mpaka 1900 MHz. Malo amene yanuyo imagwiritsa ntchito kuno anapatsidwa kwa makampani a mafoni am'manja, choncho siiloledwa, ndipo ikhoza kusokoneza maneti awo. Isiyeni ku Dallas. Achemwali awowo akabwereke kwa anzawo kapena agule yotchipa konkuno.

Kwa mayi a ku Leeds vutoli palibe. Ya DECT yogulidwa ku UK ndi yololedwa ku Portugal, ndipo zamakamera zambiri zokhala ndi kasikirini kakekake zimayenda pa 2.4 GHz, imene ndi yotseguka pafupifupi kulikonse.

Kabaza_Dallas
Mwandipulumutsa bwana. Ndikaona chajacho madzulo.

Tiyamike_M
Bwanji osangogula kamera ya WiFi yoonera pa foni? Imeneyo mtunda ilibe nawo ntchito. Ine ndimamuona mwana wanga ndili kuntchito, iye ali ndi wantchito kunyumba.

Mphenzi230
Kunyumba ndi yabwino, kuhotela ndi mutu. WiFi ya m'mahotela ambiri imafuna utsegule katsamba, ulembe nambala ya chipinda, uvomereze malamulo awo. Foni imatha, koma kamera ilibe polembera, ndiye imangokanirira. Zambiri zimafunanso 2.4 GHz yokha. Njira zilipo, monga ka router kapaulendo, kapena kusiya foni ina m'chipinda ikugawira kamerayo intaneti. Koma pamenepo yang'anani za roaming, chifukwa chichokereni UK mu EU makampani ena anabwezeretsa malipiro, ndipo vidiyo imadya data. Komanso sindingakonde kuika chithunzi cha mwana wanga ali m'tulo pa neti imene alendo onse a m'hotela akugwiritsa ntchito. Amene muli nazo, sinthani pasiwedi imene inabwera nayo.

Namwino_Derby
Ndipo kuti mtunda ilibe nawo ntchito ndiye vuto lakelo paulendo. Imakunyengerera kupita kutali. @Tiyamike_M inu zili bwino chifukwa pali munthu wamkulu m'nyumbamo.

Nabanda_Joni
Pepani ndikhotetse pang'ono. Asisi a ku Leeds, visa mwatenga? Ngati muli pa pasipoti ya Malawi mukufunika ya Schengen, yolowera maiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Portugal, ngakhale muli ndi mapepala okhalira ku UK. Mwananso amafunika pasipoti yakeyake, ndipo kubadwira ku UK sikuti basi ndi mzika ya kumeneko, zimatengera mapepala a makolo panthawi imene anabadwa.

Nachisale_Leeds
Zonse zatheka achemwali, mavisa ali m'manja. Chovuta chinali kupeza tsiku loti akatione, malo ankangodzaza.

NaPhiri_Luton
Nanga chithunzi cha pasipoti cha khanda! Ife tinachita kumugoneka pansalu yoyera, wina akuwomba m'manja kuti ayang'ane kamera.

Chembere265
Musaiwale GHIC, khadi lija la zachipatala. Ndi laulere, mumafunsira pa tsamba la NHS, bungwe la zaumoyo la boma la UK, ndipo mwana amafunika lakelake. Koma sililowa m'malo mwa inshuwalansi ya paulendo. Nambala ya ngozi ku Portugal ndi 112.

GogoWaKuDedza
Nanga phala la mwana mukapeza kuti kumeneko? Tengani ufa wanu.

MaiA_Yankho
Agogo, masitolo aliko, zakudya za ana ndi matewera zonse zimapezeka. Koma mkaka wa m'chitini umene anazolowera atenge wokwanira, chifukwa mtundu wake mwina sakaupeza ndipo kusinthira paulendo kumatsegula m'mimba ana ena. Pa eyapoti za ku UK mkaka ndi chakudya cha khanda amalola kupitirira 100ml ngati mwanayo muli naye, amangozipima padera.

Woyang'anira_Gulu
Abale, za mavisa ndi phala tizitsegulire pena. Tibwerere ku monita, funso la pa eyapoti silinayankhidwe.

Ndege_Ndege
Ndiyankhe ine. Palibe amene angakuletseni kukwera nayo. Kasikiriniko kali ndi batire ya lithium, choncho malo ake abwino ndi m'chikwama cham'manja, kali kozimitsa. Power bank ndi mabatire apadera ndiye lamulo ndithu, siziloledwa m'sutikesi yopita pansi pa ndege, ziyenera kukhala ndi inu. Malire a kukula kwa batire amene safuna chilolezo ndi 100Wh, ndipo ma power bank wamba a foni safika pamenepo. Pamakina opimira akhoza kukuuzani kuti muitulutse muike m'thireyi ngati laputopu, zimatengera eyapoti. Muzimitsiretu zonse ziwiri musanapakire, chifukwa kasikirini kakasowa kamera yake kamalira kosalekeza, ndipo simungafune kafukule chikwama muli pamzere mwana ali m'manja.

Nangondo_Area47
Ine ndili konkuno ku Lilongwe koma ndinene zimene ndinaona achemwali anga atabwera kutchuthi kuchokera ku Glasgow. Pulagi sinavute, poti soketi zathu ndi zofanana ndi za ku UK. Tinapita nawo kunyanja ku Mangochi, ndipo kumeneko mwana sangagone popanda neti. Masana kamera inkaonetsa bwinobwino. Kutada, timagetsi take toonera mumdima tinkawalira pa netiyo, pasikirini n'kumangooneka mbuu ngati chifunga, mwana osaoneka. Achemwali anafuna kuilowetsa kamerayo mkati mwa neti, mayi athu anakana chifukwa cha chingwe. Mapeto ake tinkangodalira mawu. Ndiye magetsi akazima kamera imazimanso, poti yokhala ndi batire ndi kasikirini kokha. Mwayi wake inali yolowa USB, tinkaiika pa power bank. Amene mukubwera kumudzi onani zimenezo musananyamuke.

Namwino_Derby
Mayi anu anachita bwino kwambiri. Ndikupempha nonse mumve izi. Kamera ndi chingwe chake zikhale mita imodzi kapena kuposerapo kuchokera pa kabedi ka mwana. Ana amwalirapo atadzikola ndi zingwe za mamonita. Kunyumba mumakhala munaikhomera kale pakhoma, koma kuhotela palibe shelefu, ndiye anthu amangoikoleka pamphepete pa travel cot, kabedi ka mwana kopinda kapaulendo. Mwana wa miyezi 9 amadzikoka n'kuima, dzanja lake limafika patali kuposa mmene mukuganizira. Ikani pamwamba pa wadiropu kapena pa tebulo lakutali, chingwe chidutse kuseri kwa mipando. Muyang'anenso zingwe za makatani, ndipo kabediko kasakhale pafupi ndi zenera.

Za kutentha: ku UK amalangiza kuti chipinda cha khanda chikhale pakati pa 16 ndi 20°C. Ku Algarve mu June simufika pamenepo popanda AC, ndiye mupunguleni zovala, thewera ndi kavesiti basi, mphepo ya AC isamuombe mwachindunji. Monita ikakhala yoonetsa kutentha imathandiza, koma gwirani pachifuwa kapena kumbuyo kwa khosi kuti mudziwe zoona. Ndipo mumugoneke chagada monga kunyumba, opanda pilo, musaonjezere mabulangeti pansi kuti matiresi afewe.

BamboAke_Tada
Chabwino, za lesitilanti mwandigonjetsa ndi nkhani ya alamu ya moto. Koma funso la bambo a ku Leeds likadalipo. Banja lidye liti limodzi? Mahotela ena ali ndi ntchito yomvetsera ana kapena yopezera munthu wokhala nawo.

Chembere265
Yomvetsera ija, yoti wina azidutsa pakhomo kapena kumvera pa foni ya m'chipinda, ndi chimodzimodzi monita, mwana akadali yekha. Wokhala naye m'chipinda ndiye bola, koma funsani kuti ndi ndani, anamupeza bwanji, amayankhula chinenero chimene mungamvane. Ine pandekha mwana wosayankhula sindingamusiyire munthu amene ndamuona tsiku lomwelo.

Nabanda_Joni
Ife tikapita ku Durban timanyamuka ndi mng'ono wanga, timamulipirira ulendo, iye amakhala ndi ana madzulo ena. Onse apindula. Amene mukubwera ku South Africa ndi katundu wa ku UK kapena wa ku Malawi, adaputala ya ku Ulaya ija siikwanira. Nyumba zambiri kuno zikadali ndi soketi zazikulu za mano atatu ozungulira.

MaiA_Yankho
@BamboAke_Tada, kumwera kwa Ulaya anthu amadya mochedwa ndipo amapita ndi ana awo. Cha m'ma 9 koloko usiku mupeza ma pushchair, tingolo tokankhira ana, ali m'mbali mwa matebulo, palibe amene amakuyang'ana moipa. Mumusambitse, mumuveke zogonera, mumuyamwitse, muyende naye pang'ono m'mphepete mwa nyanja, agona yekha. Inu mudye ali pambali panu. Musaphimbe pushchair yonse ndi nsalu, mkati mumatentha msanga.

GogoWaKuDedza
Si zomwe ndinanena zija? Mwangosintha chitenje n'kuika matayala.

NaPhiri_Luton
Agogo apambana!

Tiyamike_M
Koma si ana onse amagona mu pushchair. Wanga akapitirira nthawi yake amalira mpaka kusanza. Kwa ife chinatheka ndi kudya chakudya chachikulu masana kunja, madzulo n'kugula nsomba yootcha ndi chipisi kukadyera pakhonde. Aliyense amadziwa mwana wake.

Nachisale_Leeds
Bambo awerenga zonse. Pofika pa za alamu ya moto ndi chithunzi chouma anangoti basi, za kutsika pansi zatha. Monita tikuitenga chifukwa chipinda chathu chili ndi khonde, ndalembera kuhotelako atsimikiza. Akuti travel cot atipatsa, koma sanandiuze kuti ndi yotani. Amene munalandirapo za kuhotela, zinali bwanji? Kapena tinyamule yathu?

MaiA_Yankho
Apempheni akutumizireni chithunzi. Yathu inali yabwino, koma nsalu yoyala ndinatenga yakunyumba, ya fungo limene anazolowera.

Namwino_Derby
Mukafika muikankhe m'mbali zonse muone ngati yakhoma bwino, neti ya m'mbali isakhale yong'ambika, ndipo matiresi akhale olimba, okwana ndendende osasiya mpata m'mphepete. Ikakhala yokayikitsa akusinthireni.

Ndege_Ndege
Makampani ambiri a ndege amalola katundu wa khanda kwaulere, pushchair komanso travel cot kapena mpando wa m'galimoto, koma chiwerengero chimasiyana. Onani pa tikiti yanu. Mukunyamukira ku Leeds Bradford kapena ku Manchester?

Nachisale_Leeds
Leeds Bradford, kukatera ku Faro. Ndiona pa tikitipo usiku uno. @NaPhiri_Luton, extension ija ndigule ya chingwe chachitali bwanji?

NaPhiri_Luton
Ya mamita awiri. Soketi za m'mahotela zimakonda kukhala kuseri kwa bedi.